Kodi Filimu Yoopsa Yabwino Tingaidziwe Bwanji?

Ndikhulupirira kuti mkangano uwu munaumvapo, kapena inu nomwe munalimo. Filimu yatha, magetsi ayatsidwa, ndipo mnzanu wina ayamba kuseka nati, "Yacabe-cabe iyi! Magazi aja ndi tomato sosi, ndipo cilombo cija ndi munthu cabe wovala saka." Mnzanu wina ali cete. Pobwerera kunyumba akupemphani kuti mumuperekeze mpaka pakhomo, conseco njira imeneyo aidziwa kuyambira ali mwana. Tsono pa awiriwa wolondola ndani? Mwina onse awiri. Magazi angakhale abodza koma mantha nakhala eni-eni, ndipo magazi angaoneke ngati eni-eni inu nkumayasamula.

Ine ndinakulira m'masiku a mavidiyo sho a m'komboni, pamene tinali kupanikizana pa mabenci m'kacipinda kotseka mawindo ndi makatoni, tepi ikudumpha-dumpha. Masiku amenewo filimu yoopsa tinali kuiyesa ndi miyeso iwiri: afa anthu angati, ndipo magazi atayika oculuka bwanji. Inu a lero muonera pa foni ndi pa kompyuta, koma ndikamamva zokamba zanu ndiona kuti miyeso ija ikalipo. Mwangoonjezapo wacitatu, wakuti kodi filimuyo inadya ndalama zingati. Ine nditi miyeso itatu yonseyi ndi yonyenga. Munthu wopanga filimu wopanda ndalama ali ndi zinthu zambiri zimene sangathe kutionetsa, ndipo funso loyenera kumufunsa ndi lakuti: kodi iye anadziwa cimene sangathe, nanga atadziwa anacita naco ciani?

Tiyambe ndi nkhani ya ndalamayo. M'caka ca 1968, George Romero wa ku Pittsburgh m'dziko la America, pamodzi ndi anzake amene anali kudyera nchito yojambula zotsatsa malonda pa TV, anatulutsa filimu yochedwa Night of the Living Dead. Ndalama zonse zimene zinalowa zinali pafupi-fupi madola 114,000, zimene kwa makampani akulu a ku Hollywood zinali zocepa kwambiri ngakhale pa nthawi imeneyo. Anajambula cithunzi cakuda ndi coyera cifukwa ca mitundu cinali codula. Magazi anali chokoleti ca madzi-madzi, ndipo popeza cithunzi cinalibe mitundu, palibe amene anazindikira. Mitembo yoyenda ija inali anzao ndi anthu a m'deralo atavala zovala zakutha. Pafupi-fupi nkhani yonse icitikira m'nyumba imodzi ya pa famu.

M'nyumbamo mwathawira anthu asanu ndi awiri, ndipo kunja kwazungulira akufa amene auka nafuna kudya amoyo. Mukapenyetsetsa mudzaona kuti akufawo si oopsa kweni-kweni. Ayenda pang'ono-pang'ono ngati nkhalamba yodwala miyendo, aopa moto, ndipo munthu wathanzi angathe kuwakankha ndi kuthawa. Coopsa cili m'kati mwa nyumba. Ben, mnyamata wolimba mtima, afuna kuti onse akhomere matabwa pa mawindo ndi kukhala pamwamba pamene pali njira zothawira. Harry Cooper, bambo wamantha ndi waukali amene ali ndi mkazi ndi mwana wolumidwa, aumirira kuti onse atsikire m'cipinda ca pansi pa nyumba ndi kudzitsekera. Usiku wonse uthera m'kulimbirana ufumu pakati pa amuna awiriwa. Ife oonerera tonse tili kumbali ya Ben, pakuti Harry ndi munthu wosakondeka. Koma taonani cimene Romero aticita: pamene zonse zaonongeka ndipo ena onse afa, Ben apulumuka usikuwo pobisala m'cipinda comweco ca pansi cimene anali kucikana. Wamantha uja anali ndi mfundo.

Mundikhululukire poulula mathero ake, koma popanda iwo sindingafotokoze cimene ndifuna. M'mawa kutaca, gulu la amuna a mfuti lifika likusaka akufa aja. Ben amva phokoso natuluka m'cipinda cija kuti asuzumire pa windo. Mmodzi wa osakawo amuona patali, amuyesa mtembo woyenda, namuombera pamphumi. Thupi lake alikoka ndi ngowe kukaliponya pa moto pamodzi ndi ena. Amene anasewera ngati Ben anali Duane Jones, munthu wakuda, ndipo a mfuti aja onse anali azungu. Romero ananena kuti anamusankha cabe cifukwa anaposa onse amene anabwera kudzayesedwa. Koma filimuyi inatuluka mu Okutobala 1968, patangopita miyezi isanu ndi umodzi kucokera pamene Martin Luther King anaomberedwa, ndipo anthu amene anaionera caka cimeneco sakanatha kupenya mathero aja osakumbukira zimene zinali kucitika m'misewu yao. Kulemba mathero otere sikufuna ndalama. Kampani yaikulu mwina ikanawakana, poopa kuti anthu adzatuluka m'holo ali okhumudwa. Mu 1999 boma la America linaika filimuyi pa mndandanda wa mafilimu oyenera kusungidwa ngati cuma ca dziko.

Zaka khumi pambuyo pake, mu 1978, John Carpenter anapanga Halloween ndi madola pafupi-fupi 300,000. Nkhope ya wakupha uja, Michael Myers, imene lero idziwika pa dziko lonse, inali cigoba ca kumaso ca Captain Kirk wa mu Star Trek cimene anagula m'sitolo pa mtengo wosafika madola awiri. Anacipaka utoto woyera, nakulitsa maenje a maso, basi. Nkhaniyo iti icitika kumapeto kwa Okutobala, nyengo imene masamba amafota ndi kuyoyoka kumeneko, koma iwo anajambula ku California pa nyengo imene mitengo ili yobiriwira. Motero anapaka masamba utoto wofiirira, nkumawamwaza pa mseu, akatha kujambula nkuwatolanso m'matumba kuti akawamwaze pena. Mukafuna kupeza zolakwa mudzazipeza, pakuti mitengo ya kumbuyo ikali yobiriwira ndithu. Koma ndani ali ndi nthawi yopenya mitengo? Maso anu ali pa nchito ina. Carpenter amuimika Michael patali, masana dzuwa likuwala, pambali pa mpanda wa zitsamba kapena pakati pa nsalu zoyanikidwa pa cingwe. Mtsikana Laurie apenya, amuona, apenyanso, palibe. Zikacitika kawiri kapena katatu, inu mwaphunzira kufufuza m'ngodya zonse za cithunzi, ndipo kuyambira pamenepo mudziopseza nokha, Carpenter ali phee.

Palinso nyimbo. Carpenter anaipeka yekha m'masiku owerengeka, timau tocepa ta piyano tobwereza-bwereza. Iye anasimba kuti anaonetsa filimuyo kwa mkulu wina wa kampani ya mafilimu nyimbo isanaikidwe, ndipo mkuluyo sanacite mantha ngakhale pang'ono. Ataionanso ili ndi nyimbo anaitamanda. Apa pali ciyeso cimene inu mungacite kunyumba. Tengani mbali ya filimu imene inakuopsani, muzime mau, muionenso. Kenaka mubweze mau ndi kutseka maso. Kawiri-kawiri mudzapeza kuti mantha analowera m'makutu. Cifukwa cake ine filimu ya ndalama zocepa ndiikhululukira cithunzi cosaoneka bwino, koma mau oipa ai. Ngati sindikumva zimene osewera akunena, kapena nyimbo ikulira mosalekeza kuyambira poyamba mpaka pothera monga wailesi ya m'minibasi, ndidziwa kuti wopangayo sanasamale. Kukhala cete ndi kwaulere, koma ndi ocepa amene adziwa kukugwiritsa nchito.

Pa nkhani ya makutuyi tisiyanitse zinthu ziwiri zimene ambiri amazisokoneza: kudzidzimuka ndi mantha. Mng'ono wanu akabisala kuseri kwa citseko nakuwa pamene mukulowa, mudzalumpha. Kodi pamenepo iye wakhala katswiri wa mafilimu? Thupi la munthu limalumpha likamva phokoso ladzidzidzi, lifune lisafune. Njira imeneyi ndi yakale. Mu Cat People ya 1942, imene Val Lewton ndi Jacques Tourneur anapanga atalamulidwa kuti asapitirire madola 150,000, mkazi wina akuyenda yekha usiku pa mseu wa mdima. Kumbuyo kwake kumveka nsapato za mkazi wina amene timuganizira kuti amasanduka nyalugwe. Mwadzidzidzi nsapato zija zileka kumveka. Iye aceuka, palibe munthu. Afulumira. Kenaka pamveka mkokomo wonga wa cilombo, koma ndi mabuleki a basi imene yaima pambali pake. Mpaka lero opanga mafilimu achula njira imeneyi ndi dzina la basi ya Lewton. Koma zindikirani kuti basiyo inagwira nchito cifukwa ca ulendo wa mumdima uja umene unaitsogolera, ndi cifukwa ca nsapato zimene zinaleka kumveka. Otsanzira ambiri anatenga basi nasiya ulendo. Filimu imene ikulumphitsani kakhumi ndi mphaka wogwa pa kabati, ndipo mukatuluka panja simukumbukira kanthu, yangokugwedezani thupi cabe.

Za magazi sindidzatalikitsa. The Texas Chain Saw Massacre ya Tobe Hooper, ya 1974, ili ndi mbiri yakuti ndi imodzi mwa mafilimu ankhanza koposa, ndipo ku Britain bungwe loyesa mafilimu linakhala likuikana mpaka 1999. Koma magazi ooneka m'menemo ndi ocepa zedi. Pamene mtsikana apacikidwa pa ngowe ya nyama, kamera sionetsa ngoweyo ikulowa m'thupi, conseco anthu ambiri amalumbira kuti anaiona. Maganizo ao anamaliza okha cithunzico. (Pano ndinene poyera kuti sindikukutumani kukafuna-funa filimu iriyonse imene ndaichula. Zina ndi za akulu okha, ndipo iyi ine sindifuna kuionanso. Kuvomereza kuti cinthu cinapangidwa mwaluso sikutanthauza kuti muyenera kucilowetsa m'mutu mwanu.)

Nanga filimu yoipa ya ndalama zocepa imaoneka bwanji? Citsanzo cochuka ndi Plan 9 from Outer Space ya Ed Wood, ya kumapeto kwa zaka za m'ma 1950. Wosewera wochuka Bela Lugosi anamwalira mu 1956 atangojambulidwa tizigawo tocepa, ndipo Wood anaika m'malo mwake munthu wina wamtali kuposa iye, wosafanana naye konse, amene ayenda-yenda atabisa nkhope ndi cinsalu. Miyala ya pa manda igwedezeka osewera akaikhudza. M'cigawo cimodzi comweco kukhala usiku, kenaka masana, kenaka usikunso. Ya masiku ano ndi Birdemic ya James Nguyen, ya 2010, imene inadya pafupi-fupi madola 10,000. Nkhani yake ndi ya mbalame zimene ziukira anthu. Nguyen analibe ndalama zopangira mbalame zooneka ngati zeni-zeni, koma anaumirirabe kuzionetsa: tizithunzi ta pa kompyuta tolenjekeka pa malo amodzi tikukupiza mapiko, osewera akutimenya ndi mahang'ala a zovala. Anthu amaionera kuti aseke.

Tsono iikeni pambali pa Paranormal Activity imene Oren Peli anajambula m'nyumba yake ku San Diego ndi madola 15,000, imene inayamba kuonetsedwa mu 2007 ndi kufalikira mu 2009. Ndalama zake sizisiyana kweni-kweni ndi za Birdemic. Peli nayenso sakanatha kupanga ciwanda cooneka bwino, tsono sanacionetse konse. Anaimika kamera m'cipinda cogona, mwamuna ndi mkazi ali m'tulo, koloko ikuwerenga nthawi pa ngodya ya cithunzi. Usiku wina citseko cisuntha pang'ono cabe, cibwereranso. Usiku wina mkaziyo adzuka naimirira pambali pa bedi akupenya mwamuna wake, koloko ikuthamanga, maola akupita, iye osasuntha. Filimu imeneyi inabweretsa madola oposa 190 miliyoni. Sindinena kuti phindu ndilo umboni wa ubwino, pakuti zinthu zambiri zacabe zimagulidwa. Ine ndiona kuti anthu awiri a m'filimuyi ndi otopetsa, maka-maka mwamunayo, ndipo zigawo za masana ndi zofooka. Koma Peli anadziwa polekezera mphamvu zake, pamene Nguyen sanadziwe.

Musaganize kuti cinsinsi ndi kubisa basi. The Blair Witch Project ya 1999, ya Daniel Myrick ndi Eduardo Sánchez, inajambulidwa m'masiku asanu ndi atatu m'nkhalango za ku Maryland, ndipo mfiti yakeyo sitiiona ngakhale kamodzi. Tiona timilu ta miyala ndi timitengo tomangidwa ngati anthu. Ambiri anatuluka m'holo atakwiya, nati alipira ndalama kuti aone acinyamata atatu akukangana za mapu. Ndiwamvetsa, pakuti mkangano uja utalika mopitirira, ndipo kugwedezeka kwa kamera kunacititsa ena nseru. Cimene ciipulumutsa ndi ici: kuciyambi kwa filimu, anthu a m'tauni asimba mongodutsa za munthu wina wakale amene anali kupha ana, nati anali kuimika mwana mmodzi moyang'ana ku ngodya ya cipinda pamene akupha mnzake. Inu mumva ndi kuiwala. Pa mphindi yothera, mtsikana wonyamula kamera atsikira m'cipinda ca pansi ca nyumba yakugwa napeza mnzake ataima cilili, nkhope ku ngodya. Palibe cina cioneka. Amene anachera khutu poyamba paja, tsitsi limuimirira. Mazana a mafilimu anatsanzira kamera yogwedezeka ija, koma ndi ocepa amene anabzala mbeu kuciyambi kuti adzakolole pothera.

Ndipatuke pang'ono, kuti mungaganize kuti ndinyoza ciriconse cooneka cosauka. Ku Wakaliga, komboni ya mu Kampala ku Uganda, Isaac Nabwana anapanga Who Killed Captain Alex? mu 2010 ndi ndalama zimene akuti sizinafike madola 200, pa kompyuta imene analumikiza yekha ndi zidutswa zakale. Si filimu yoopsa, ndi ya nkhondo ndi makofi. Ndeke yake ya helikopita ndi yabodza moonekeratu, kuposa ngakhale mbalame za Nguyen. Koma Nabwana adziwa kuti inu mukuona bodzalo, ndipo aseka nanu pamodzi. Pamwamba pa filimu yonse pali mau a munthu wothirira ndemanga zoseketsa, monga acitira m'nyumba za mavidiyo za ku Uganda. Osewera ake amenyana ndi kulumpha ndi mtima wonse. Iye sanalonjeze cimene sangathe kupereka. Filimu yoopsa ilibe mwai umenewu wonse, cifukwa mukayamba kuseka cilombo mantha athawa, koma phunziro la kuona mtima ndi limodzi-modzi.

Tsopano tibwere ku mafilimu amene ambiri a ife tawaona koposa onse, a ku Nigeria. Living in Bondage ya 1992, imene Kenneth Nnebue anatulutsa pa matepi a vidiyo m'cinenero ca Igbo, ndiyo imene ambiri amati inatsegula njira ya Nollywood. Cithunzi cake ndi cosauka, ndipo zigawo zina zitalika popanda cifukwa. Koma nkhani yake igwira. Andy atopa ndi umphawi poona anzake akulemera, alowa m'gulu lacinsinsi, ndipo auzidwa kuti apereke nsembe munthu amene amukonda koposa. Ayesa kunyenga pobweretsa mkazi wina wa mumseu, Tina, koma zikanika, ndipo pothera apereka mkazi wake Merit, amene anamupirira pa umphawi wonse. Cuma cibwera. Merit nayenso abwera, pa nthawi iriyonse imene Andy afuna kukondwera ndi cumaco, mpaka mwamunayo apenga nayamba kutola zakudya m'zinyalala. Mzukwa wa Merit ndi mkazi cabe wovala zoyera. Uopsa cifukwa tidziwa cimene anamucita, ndiponso cifukwa funso la pansi pake tonse talimvapo: kodi uje analemera bwanji mofulumira cotere? Ndipo pamene cipulumutso cifika m'gawo laciwiri, cidzera mwa Tina yemwe uja, amene tsopano anasintha moyo, namupeza Andy ali wamisala ndi kupita naye ku chalichi. Wolembayo anamukonzeratu malo kuyambira kale.

Ambiri amene anatsatira anatenga zakunja zokha: moto wotuluka m'maso, munthu wosanduka njoka pa kompyuta, kuseka kwa mfiti kosatha, gawo loyamba, laciwiri, lacitatu, ndi mphindi zisanu za galimoto ikulowa pa geti. Nkhani ikafika pothina, patulukira munthu amene sitinamuonepo, apemphera mphindi imodzi, oipa onse agwa pansi, filimu yatha. Ena aganiza kuti kudzudzula mathero otere ndi kunyoza pemphero. Ai ndithu. Ndi kunena cabe kuti wolembayo anakola msampha umene analephera kuumasula, ndipo anabisa ulesi wake kuseri kwa cinthu cimene adziwa kuti sitingacitsutse. Cimodzi-modzi ndi filimu ya ku America imene mtsikana amva phokoso m'cipinda ca mdima napita yekha kukaona, osayatsa nyali, popanda cifukwa cina koma cakuti wolemba afuna kuti afe. Mukayamba kukalipira osewera kuti ndi opusa, dziwani kuti wolakwa ndi wolemba. Ben ndi Harry aja analakwitsa zambiri, koma zolakwa zao ndi zimene inu ndi ine tikanacita.

Patsala funso limodzi, ndipo kwa ife kuno ndilo lolemera koposa. Filimu yoopsa iriyonse imaloza cala nati: opani ici. Tsono funsani kuti cala cimeneco caloza yani. Mitembo yoyenda ya Romero kulibe pa dziko, ndipo palibe amene adzamenyedwa mawa cifukwa ca iyo. Koma nkhalamba yofiira maso ndi utsi wa pa moto iliko, ikhala kumapeto kwa mudzi wanu. Mwana wamasiye wosalankhula-lankhula aliko. Munthu wodwala misala aliko, ndi wacialubino yemwe. Mu 1999 ku Nigeria kunatuluka End of the Wicked, ya kampani ya mlaliki Helen Ukpabio, imene ionetsa ana akutengedwa usiku kupita ku msonkhano wa mfiti, kudya nyama ya anthu ndi kuononga makolo ao. Inafalikira kwambiri, ndipo m'zaka zotsatira oteteza ana anaidzudzula kolimba kuti inathandiza kukulitsa mcitidwe wonenera ana ufiti kum'mwera kwa dzikolo, kumene ana ena anathamangitsidwa pa makomo ao ndi kuzunzidwa. Ukpabio anakana mlanduwo. Filimu yokha siingasenze colakwa conse, pakuti cikhulupiriroco cinalipo kale. Koma ine sindingaiche yabwino filimu imene mantha ake onse iwabwereka ku cidani cimene anthu ali naco kale pa ofooka. Imeneyo ndiyo njira yochipa koposa zonse, yochipa kuposa chokoleti ca Romero: wopangayo safunika kumanga kanthu, angokanda pa cilonda cimene cilipo.

Cifukwa cake ndikondwera kuti mmodzi wa ife anatembenuza kamera. Rungano Nyoni, wobadwira mu Lusaka ndi kukulira ku Wales, anajambula I Am Not a Witch m'Zambia muno atakhala kanthawi pa msasa wa onenedwa ufiti ku Ghana kuti aone moyo wao. Filimuyi inaonetsedwa ku Cannes mu 2017, ndipo mu 2018 inalandira mphoto ya BAFTA ya opanga filimu koyamba. M'masitolo simudzaipeza pa gulu la mafilimu oopsa, pakuti mbali zambiri ndi yoseketsa. Mulibe moto wa m'maso, mulibe njoka. Muli kamtsikana, Shula, kamene Maggie Mulubwa anasewera, ndi riboni yoyera yaitali imene akamangirira kumsana pamodzi ndi azimai okalamba onenedwa ufiti, kuti asauluke. Akauza kuti kakadula riboniyo kadzasanduka mbuzi. Alendo odzaona dziko aima kuseri kwa mpanda akujambula azimaiwo zithunzi, ndipo mkulu wina wa boma, a Banda, ayendayenda nako kamwanako ngati katundu wopezera ndalama.

Kuciyambi kwake, mai wina wosenza ndowa ya madzi agwa pa njira atakaona kamtsikanako kataima cete. Posacedwa khamu lafika pa polisi. Bambo wina aimirira kupereka umboni kuti kamwanako kanamudula dzanja ndi nkhwangwa, ndipo akusimba zimenezi akutambasula manja ake onse awiri, athunthu. Pambuyo pake zidziwika kuti anali maloto. M'cipinda cimene ndinaonera ine tonse tinaseka kwambiri pamenepo. Kenaka kamera inabwerera pa Shula, atakhala yekha pa benci, osanena kanthu, khamu likusuzumira pa windo, ndipo mlandu unapitirira monga ngati umboni uja unali womveka. Kuseka kuja kunatha m'modzi-m'modzi, ndipo mtsikana wina amene anakhala kutsogolo kwanga anafunsa mnzake motsitsa mau ngati agogo ake akali kukhala okha kumudzi.